Wolf Szmuness

Wolf Szmuness (12 Malichi 1919 – 6 Juni 1982) anali dokotala komanso katswiri wofufuza za kafalidwe ka matenda. Anabadwira ku Poland, anaphunzira ndi kugwira ntchito ku Soviet Union, ndipo zaka 13 zomaliza za moyo wake anakhala ku New York m'dziko la United States. Amadziwika kwambiri chifukwa chotsogolera kafukufuku wamkulu woyamba amene anasonyeza kuti katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa B, omwe azachipatala amawatchula kuti hepatitis B, amatetezadi anthu. Kafukufukuyo anayamba mu 1978 ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1980.

Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti pali anthu ochepa amene katemerayu sawagwira ngakhale atabayidwa majekeseni onse atatu, ndiponso kuti anthu oterewa amakhalabe pachiopsezo chotenga matendawa. Funso la momwe angathandizidwire linayamba kufufuzidwa ndi gulu la Szmuness, ndipo likufufuzidwabe mpaka lero.

Ubwana ndi nthawi ya nkhondo

Szmuness anabadwira mumzinda wa Warsaw m'banja la Chiyuda. Anayamba maphunziro a udokotala ku Italy, koma anabwerera kwawo cha mu 1939, chaka chomwe dziko la Germany linalowa m'dziko la Poland ndi kuyambitsa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Patangopita milungu yochepa, asilikali a Soviet Union nawonso analanda chigawo chakum'mawa kwa Poland, ndipo dzikolo linagawika pawiri. M'chipwirikiti chimenechi Szmuness analekana ndi abale ake, omwe pambuyo pake anaphedwa ndi chipani cha Nazi.

Iye anathawira chakum'mawa. Akuluakulu a Soviet Union sanamulandire ngati wothawa nkhondo koma anamutumiza ku ndende yaukaidi wa ntchito yakalavulagaga ku Siberia. Atagwira ntchito yolemetsayo kwa pafupifupi chaka, anapatsidwa udindo woyang'anira zaukhondo pandendepo chifukwa cha maphunziro a zachipatala omwe anali atayamba kale. Ntchito yake yolimbana ndi miliri inayambira pamenepo, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala woyang'anira nkhani za miliri m'boma lonse la kuderalo.

Maphunziro ndi ntchito ku Soviet Union ndi ku Poland

Szmuness anamasulidwa mu 1946. Anamaliza maphunziro a udokotala mumzinda wa Tomsk ku Siberia mu 1950, kenako anapitiriza maphunziro a kafalidwe ka matenda ku Kharkiv, m'dziko la Ukraine lomwe panthawiyo linali mbali ya Soviet Union. Anakwatira mkazi wa ku Russia ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi.

Chidwi chake pa matenda a chiwindi chinachokera m'nyumba mwake momwe. Mkazi wake anaikidwa magazi kuchipatala, ndipo kudzera m'magaziwo anatenga matenda a chiwindi amene anatsala pang'ono kumupha. M'masiku amenewo madokotala ankadziwa kuti odwala ena amayamba chikasu pakapita milungu kapena miyezi ataikidwa magazi, koma panalibe njira yoyezera magaziwo kuti aone ngati ali ndi kachilombo.

Mu 1959 analoledwa kubwerera ku Poland pamodzi ndi banja lake. Anapitiriza maphunziro mumzinda wa Lublin ndipo anagwira ntchito m'maofesi a zaumoyo a mzinda ndi a chigawo. Aaron Kellner, yemwe pambuyo pake anakhala mkulu wake wa ntchito ku New York, anafotokoza kuti nthawi ina Szmuness ali kumalo opumulirako ku Poland anagona chipinda chimodzi ndi wansembe wa Katolika Karol Wojtyła, ndipo awiriwa anapitiriza kulemberana makalata kwa zaka zambiri. Wojtyła anadzakhala Papa John Paul II mu 1978.

Mu 1968 boma la chikomyunizimu la Poland linayambitsa kampeni yodana ndi Ayuda. Ambiri anachotsedwa ntchito m'boma, m'mayunivesite ndi m'zipatala, ndipo zikwi zambiri zinachoka m'dzikomo. Mu 1969 Szmuness, mkazi wake ndi mwana wawo anapita ku Italy ndipo sanabwererenso. Kuchokera kumeneko anapita ku New York.

Kuyambiranso ku New York

Pofika ku United States, Szmuness anali ndi zaka 50, ndipo mapepala ake a udokotala sankamulola kugwira ntchito ngati dokotala m'dzikomo. Mothandizidwa ndi Walsh McDermott, pulofesa wa zaumoyo wa anthu ku Cornell, anapeza ntchito ku New York Blood Center, bungwe losonkhanitsa ndi kugawa magazi lomwe linakhazikitsidwa mu 1964. Anayamba ngati wothandizira wamba mu labotale. Luso lake silinachedwe kuoneka. Pasanathe zaka ziwiri anapatsidwa labotale yakeyake, ndipo kuyambira mu 1973 anali mkulu wa labotale yofufuza za kafalidwe ka matenda pabungwelo. Ankaphunzitsanso pasukulu ya zaumoyo wa anthu ya Columbia University.

Anafika pa nthawi imene sayansi ya matenda a chiwindi inkasintha mofulumira. Mu 1965 Baruch Blumberg analengeza za puloteni ina yomwe anaipeza m'magazi a munthu wa mtundu wa Aborigine wa ku Australia, ndipo anaitcha Australia antigen. Mu 1968 Alfred Prince, wa ku New York Blood Center komweko, anasonyeza kuti puloteni yotereyi imapezeka mwa anthu odwala matenda a chiwindi ofala kudzera m'magazi. Mu 1970 David Dane wa ku London anaona kachilomboko kathunthu pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono kwambiri. Zinadziwika kuti puloteni ya Blumberg ndi chikhungu chakunja cha kachilomboko, ndipo masiku ano imatchedwa HBsAg. Kwa nthawi yoyamba zinali zotheka kuyeza magazi n'kudziwa amene ali ndi kachilomboko, amene anakhalapo nako n'kuchira, ndi amene sanakumanepo nako.

Kafukufuku wa kafalidwe ka matendawa

Szmuness anagwiritsa ntchito njira zatsopano zoyezerazi pa magulu akuluakulu a anthu. Anayeza opereka magazi, anthu okhala m'nyumba zosungiramo olumala ubongo, odwala impso amene amasefedwa magazi ndi makina a dialysis, ogwira ntchito m'zipatala, komanso abale okhala nyumba imodzi ndi munthu yemwe ali ndi kachilomboko. Pa gulu lililonse ankafuna kudziwa kuti ndi angati amene ali nako, ndi angati amene amakatenga chaka chilichonse, ndiponso kuti kamadutsa njira iti.

Mu 1975 iye ndi anzake anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti kugonana ndi njira imodzi yaikulu yofalitsira matendawa. Izi zinasintha kaganizidwe ka madokotala ambiri, omwe ankaona ngati matendawa amafala makamaka kudzera m'majekeseni ndi m'magazi oikidwa m'thupi. Mu 1978 analemba nkhani yaitali yosonkhanitsa umboni woti kachilombo ka hepatitis B kamayambitsa khansa ya chiwindi. Zimenezi zinatsimikizika mu 1981 pa kafukufuku wa Palmer Beasley, yemwe anatsatira amuna oposa 22,000 ku Taiwan.

Kuopsa kwa matendawa kumadalira msinkhu umene munthu wawatengera. Mwa akuluakulu athanzi, oposa 95 pa 100 alionse amachira okha ndipo sadwalanso. Koma mwa makanda amene atenga kachilomboko pobadwa, pafupifupi 90 pa 100 alionse amakhala nako moyo wawo wonse, nthawi zambiri popanda zizindikiro, ndipo ena mwa iwo amadzadwala matenda ouma chiwindi kapena khansa akakula.

Kuyesa katemera

M'magazi a munthu amene ali ndi kachilomboko mumakhala tizidutswa tambirimbiri ta chikhungu chake chakunja, topanda kanthu mkati, tomwe patokha sitingadwalitse munthu. Mu 1971 Saul Krugman anasonyeza kuti madzi a m'magazi otere akawiritsidwa amatha kupereka chitetezo china. Maurice Hilleman wa kampani ya Merck anapanga katemera weniweni posefa tizidutswato kuchokera m'madzi a m'magazi a anthu omwe ali ndi kachilomboko, kenako n'kutitsuka ndi mankhwala atatu, pepsin, urea ndi formaldehyde, kuti tizilombo tonse tomwe tingatsalemo tife. Katemerayo anayesedwa pa anyani a mtundu wa chimpanzi ndi pa anthu ochepa, koma panalibe umboni wokwanira woti amateteza anthu pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku.

Kuti umboniwo upezeke, panafunika gulu la anthu athanzi, otenga matendawa kawirikawiri, komanso okonzeka kubwera kudzayezedwa magazi mobwerezabwereza kwa zaka ziwiri. Szmuness anaona kuti amuna ogonana ndi amuna anzawo mumzinda wa New York ndiwo ankakwanira pa zonsezi. Kafukufuku wake wam'mbuyo anali atasonyeza kuti chiopsezo chawo chinali chachikulu kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi cha anthu ena onse. Ambiri mwa amunawa ankaopa kuti mayina awo akadziwika achotsedwa ntchito kapena kusalidwa, choncho gulu la Szmuness linagwira ntchito limodzi ndi mabungwe ndi zipatala za anthuwo, makamaka m'dera la Greenwich Village, ndipo linasunga chinsinsi cha aliyense. Amuna zikwi zambiri anayezedwa magazi pofuna kupeza amene anali asanakumanepo ndi kachilomboko. Mnzake wamkulu pa ntchitoyi anali dokotala wa ana Cladd Stevens, yemwe anali atafufuzapo ku Taiwan za momwe kachilomboko kamachokera kwa mayi kupita kwa mwana.

Kafukufukuyo anayamba mu Novembala 1978 ndi amuna 1,083. Anagawidwa m'magulu awiri mwa maere: 549 analandira katemera, ndipo 534 analandira jekeseni wofanana naye maonekedwe koma wopanda katemera. Obayidwawo ngakhalenso madokotala owaona sankadziwa kuti ndani walandira chiyani, kuti maganizo a munthu asasokoneze zotsatira. Aliyense anabayidwa katatu: tsiku loyamba, patatha mwezi umodzi, ndi patatha miyezi 6. Mlingo wa katemera unali mamaikulogalamu 40 pa jekeseni aliyense.

Zotsatira zinatuluka mu Okutobala 1980 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Pasanathe miyezi iwiri, 77 pa 100 alionse mwa olandira katemera anali ndi mapuloteni oteteza thupi, otchedwa ma-antibody, okwanira kulimbana ndi kachilomboko. Atalandira jekeseni wachitatu chiwerengerocho chinafika pa 96 pa 100 alionse. M'miyezi 18 yoyambirira, olandira katemera amene anatenga kachilomboko anali pakati pa 1.4 ndi 3.4 pa 100 alionse, malinga ndi mmene matendawo ankawerengedwera, pamene m'gulu linalo anali pakati pa 18 ndi 27. Katemerayo anachepetsa matendawa ndi 92 peresenti, ndipo sanabweretse mavuto aakulu m'thupi. Kusiyana kwa magulu awiriwa kunayamba kuoneka pasanathe masiku 75, zomwe zinasonyeza kuti katemerayo angathandize ngakhale munthu amene wangokumana kumene ndi kachilomboko.

Kafukufuku wina wa bungwe la boma la Centers for Disease Control, wotsogozedwa ndi Donald Francis pa amuna 1,402 m'mizinda isanu, anatsimikizira zomwezo pogwiritsa ntchito theka la mlingo uja. Mu Novembala 1981 boma la United States linavomereza katemerayu, yemwe anagulitsidwa ndi dzina loti Heptavax-B.

Anthu amene katemera sanawagwire

Chinthu china chofunika chomwe kafukufuku wa ku New York anasonyeza chinali kugwirizana kwa ma-antibody ndi chitetezo. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa amuna amene thupi lawo linapanga ma-antibody yemwe anadwala matendawa kapena kupezeka ndi HBsAg m'magazi. Koma pafupifupi 4 pa 100 alionse sanapange ma-antibody ngakhale anabayidwa katatu, ndipo lipoti lomaliza la mu 1981 linasonyeza kuti iwowa anakhalabe osatetezedwa. Tanthauzo lake linali loti kubayidwa pakokha si chitsimikizo. Chomwe chimasonyeza kuti munthu watetezeka ndi kuyeza magazi ake pambuyo pa katemera.

Szmuness ndi Stevens anaona vutoli likukula pamene anayesa katemerayu m'zipatala za dialysis. M'zipinda zimenezi matendawa ankafala kwambiri chifukwa magazi amakhudzidwa tsiku lililonse. Pa ogwira ntchito 865 a m'zipatala 43, katemerayo anagwira bwino pafupifupi mofanana ndi pa amuna a ku New York, ndipo zotsatirazo zinasindikizidwa kumapeto kwa 1982, Szmuness atamwalira kale. Pa odwalawo zinthu zinali zosiyana. Kafukufuku wa odwala 1,311, yemwe Stevens anatulutsa mu 1984, anapeza kuti katemerayo anagwira pa theka lokha la omwe anamulandira. Matenda a impso amafooketsa chitetezo cha m'thupi, moti anthu amene ankafunikira katemerayo kwambiri ndi omwenso ankavuta kuwateteza.

Gulu la Szmuness linafufuzanso za kupereka katemera pamodzi ndi ma-antibody okonzeratu, otengedwa m'magazi a anthu ena, omwe amatchedwa HBIG. Linapeza kuti HBIG salepheretsa katemera kugwira. Njira yophatikiza ziwirizi ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito poteteza makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilomboko.

Imfa

Szmuness anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ku New York pa 6 Juni 1982, ali ndi zaka 63. Anamwalira chaka chomwe katemera amene anamuyesa anayamba kuperekedwa m'zipatala. Cladd Stevens anapitiriza ntchito ya labotale yake. Nkhani ya kafukufukuyu inalembedwa ndi June Goodfield m'buku lake la mu 1985 lotchedwa Quest for the Killers.

Kafukufukuyu ndi mliri wa Edzi

Mu Juni 1981 madokotala ku United States analengeza za matenda achilendo omwe pambuyo pake anatchedwa Edzi, ndipo oyamba kudziwika nawo anali amuna ogonana ndi amuna anzawo ku Los Angeles ndi ku New York. Popeza katemera wa hepatitis B ankapangidwa kuchokera m'magazi a anthu, ambiri anachita mantha kumulandira, ndipo patapita nthawi kunabuka mphekesera zoti kafukufuku wa Szmuness ndiye anafalitsa Edzi.

Umboni unatsutsa zimenezi. Ofufuza anasonyeza kuti mankhwala otsukira katemera aja amapha kachilombo ka HIV. Komanso magazi omwe gulu la Szmuness linasunga m'mafiriji atayezedwa pakati pa zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti ena mwa amunawo anali kale ndi HIV mu 1978 ndi 1979, pamene kafukufukuyo ankayamba. Kafukufuku wa chibadwa cha kachilomboko pambuyo pake anasonyeza kuti kanafika ku New York cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Magazi osungidwawo anathandiza asayansi kudziwa liwiro limene HIV inafalira mumzindawo ndi nthawi imene imatenga kuti munthu ayambe kudwala.

Zomwe zadziwika za kusagwira kwa katemera

Mu 1986 kunabwera katemera watsopano wopangidwa ndi yisiti yemwe anasinthidwa chibadwa kuti azitulutsa HBsAg, ndipo katemera wochokera m'magazi anasiyidwa pang'onopang'ono. Vuto la anthu osagwidwa ndi katemera silinathe. Masiku ano munthu amawerengedwa kuti watetezeka ngati ma-antibody ake afika mlingo wa 10 mIU pa mililita imodzi ya magazi, akayezedwa patatha mwezi umodzi kapena iwiri chilandirire jekeseni womaliza. Makanda ndi ana oposa 95 pa 100 alionse amafika pamlingowu, koma mwa akuluakulu athanzi, pakati pa 5 ndi 10 pa 100 alionse safikapo.

Zifukwa zake zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la kasungidwe ndi kabayidwe. Katemerayu amawonongeka akaundana m'firiji, ndipo cha pakati pa zaka za m'ma 1980 zinadziwika kuti akabayidwa m'thako nthawi zambiri amathera m'mafuta osafika mumnofu. N'chifukwa chake akuluakulu amabayidwa paphewa ndipo makanda amabayidwa pantchafu. Gulu lachiwiri ndi la thanzi la munthuyo: zaka zopitirira 40, kunenepa kwambiri, kusuta fodya, matenda a shuga, matenda a impso, HIV ndi mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi. Amuna amavuta kugwidwa ndi katemerayu poyerekeza ndi akazi. Gulu lachitatu ndi la chibadwa. Mu 1989 Chester Alper ndi anzake ku Boston anasonyeza kuti anthu ena amabadwa ndi mitundu ya majini a HLA imene imachititsa kuti thupi lisazindikire bwino puloteni ya m'katemerayu.

Kusagwidwa ndi katemera n'kosiyana ndi kuchepa kwa ma-antibody pakapita zaka. Munthu amene katemera anamugwira poyamba amakhalabe wotetezeka ngakhale ma-antibody ake atatsika, chifukwa maselo ena a chitetezo amakumbukira kachilomboko ndipo amadzuka msanga akakumana nako. Nthawi zambiri jekeseni mmodzi wowonjezera amasiyanitsa magulu awiriwa: amene anagwidwa kale, ma-antibody ake amakwera pakangopita milungu yochepa.

Njira zothandizira amene katemera sanawagwire

Kuyeza ma-antibody sikuchitika kwa aliyense. Kumachitika makamaka kwa amene ali pachiopsezo chachikulu, monga ogwira ntchito m'zipatala, odwala a dialysis, anthu amene ali ndi HIV, ogonana ndi munthu yemwe ali ndi kachilomboko, ndi makanda obadwa kwa amayi omwe ali nako. Munthu akapezeka kuti alibe ma-antibody okwanira, madokotala amayezanso ngati ali ndi HBsAg, chifukwa ena amaoneka ngati katemera sanawagwire pamene zoona zake n'zakuti ali kale ndi kachilomboko ndipo akufunika chisamaliro china.

Njira yoyamba ndi kubwereza majekeseni onse atatu kenako n'kuyezanso magazi. Ambiri amagwidwa pa ulendo wachiwiriwu. Njira yachiwiri ndi kuwonjezera mlingo kapena chiwerengero cha majekeseni. Odwala a dialysis amapatsidwa mamaikulogalamu 40 pa jekeseni aliyense, ndipo pa mtundu wina wa katemera amabayidwa kanayi: poyamba, patatha mwezi umodzi, miyezi iwiri ndi miyezi 6. Kafukufuku wa ku France yemwe anatuluka mu 2011 anapeza kuti mwa akuluakulu amene ali ndi HIV, majekeseni anayi a mlingo wowirikiza anateteza 82 pa 100 alionse, pamene majekeseni atatu a nthawi zonse anateteza 65. Njira yachitatu ndi kubaya katemera pang'ono mkati mwa khungu m'malo mwa mumnofu, popeza khungu lili ndi maselo ambiri onyamula uthenga kupita ku chitetezo cha m'thupi. Njirayi imafuna wobaya waluso.

Njira yachinayi ndi kusintha mankhwala odzutsa chitetezo omwe amaikidwa mu katemera, otchedwa adjuvant. Katemera wa nthawi ya Szmuness, monganso makatemera ambiri a masiku ano, ankagwiritsa ntchito mchere wa aluminiyamu. Mu 2005 mayiko a ku Ulaya anavomereza katemera wa Fendrix, wokhala ndi adjuvant yamphamvu, kuti aziperekedwa kwa odwala impso. Mu 2017 dziko la United States linavomereza Heplisav-B, yemwe ali ndi adjuvant yotchedwa CpG 1018 ndipo amabayidwa kawiri kokha motalikirana mwezi umodzi. Mu 2024 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa BEe-HIVe, yemwe anachitika ku America, ku Africa ndi ku Asia pa anthu amene ali ndi HIV omwe katemera wakale sanawagwire. Majekeseni awiri a katemera watsopanoyu anateteza 93 pa 100 alionse, atatu anateteza 99, pamene kubwereza katemera wa aluminiyamu kunateteza pafupifupi 81. Panapangidwanso makatemera okhala ndi mapuloteni atatu a chikhungu cha kachilomboko m'malo mwa imodzi, ndi cholinga chomwecho.

Amene sanagwidwebe pambuyo pa zonsezi amawerengedwa kuti ndi osatetezedwa. Amalangizidwa kusamala ndi magazi, masingano, malezala ndi kugonana kosadziteteza. Akalasidwa ndi singano kapena kukhudzana ndi magazi a munthu amene ali ndi kachilomboko, amapatsidwa HBIG mwamsanga, ndipo amabayidwanso kachiwiri pakatha mwezi umodzi.

Zotsatira za ntchito yake

Kafukufuku wa mu 1978 mpaka 1980 amatengedwa ngati chitsanzo cha momwe katemera ayenera kuyesedwera: kudziwa kaye kuchuluka kwa matenda m'gulu la anthu, kugawa anthuwo mwa maere, kubisa amene walandira chiyani, kuwatsatira mosalekeza ndi kusunga magazi awo kuti adzayezedwenso m'tsogolo.

Poyamba katemerayu anali wokwera mtengo, pafupifupi madola 100 a ku America pa majekeseni atatu, ndipo ankaperekedwa kwa akuluakulu a m'magulu a pachiopsezo okha. Dziko la Taiwan linayamba kutemera makanda mu 1984, ndipo patapita zaka khansa ya chiwindi mwa ana inachepa. Ichi chinali chitsimikizo cha mfundo yomwe Szmuness anaiteteza mu 1978, yoti kachilomboko ndiko kamayambitsa khansayo. Mu 1992 bungwe la World Health Organization linapempha mayiko onse kuti aike katemerayu pa ndondomeko ya katemera wa ana. Dziko la Malawi linachita zimenezi mu 2002 kudzera mu katemera woteteza matenda asanu pamodzi, yemwe mwana amalandira ali ndi milungu 6, 10 ndi 14.

Malinga ndi bungwe lomweli, mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni padziko lonse anali ndi kachilombo ka hepatitis B kokhalitsa, ndipo pafupifupi 1.1 miliyoni anamwalira nako chaka chimenecho. Ambiri mwa iwo ali ku Africa ndi kum'mawa kwa Asia, ndipo anatenga kachilomboko ali ana, katemerayu asanafike kwawo.